Galamafoni Yakabati pa Okushoni: Mafunso a Owerenga ndi Mayankho Ake

Makalata a mwezi uno ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje akufunsa za galamafoni yakabati, ija yoima yokha pansi, yokhala ndi chivindikiro pamwamba, zitseko kutsogolo ndi chopukusira m'mbali. Ndasankhapo makalata asanu, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Zikomo Akonzi. Kumapeto kwa mwezi uno kukhala okushoni ya katundu wa m'nyumba ina yakale ya pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo pa mndandanda wa katunduyo pali galamafoni yakabati yokhala ndi chithunzi cha galu pansi pa chivindikiro. Mlonda wa panyumbapo wandiuza kuti pa kachikwangwani kake panalembedwa nambala 163. Malemu bambo anga anali ndi galamafoni yaing'ono yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo chiyambire ubwana wanga ndakhala ndikusirira yaikulu yotere. Kodi ndiyang'ane chiyani ndisanatulutse ndalama yanga ya penshoni? Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ku Luchenza.

YANKHO: Aphunzitsi, ngati mlondayo wawerenga bwino, ndiye kuti mwapeza galamafoni yoyenera kuivutikira. Galu wotchera khutu pa lipenga ndi chizindikiro cha His Master's Voice, mwachidule HMV, cha kampani ya Gramophone Company ya ku England, yomwe inagula chithunzicho kwa wojambula Francis Barraud mu 1899, ndipo fakitale yake yaikulu inali ku Hayes, kufupi ndi London. Mtundu wa 163 unatuluka mu 1927, nthawi yomwe kajambulidwe ka nyimbo kanali katangosintha. Kufikira mu 1925 oimba ankaunjikana patsogolo pa lipenga lalikulu, mphamvu ya mawu awo yokha n'kumayendetsa singano yolemba pa phula. M'chaka chimenecho makampani anayamba kujambula ndi maikolofoni mwa njira yomwe inakonzedwa ndi Western Electric ku America, ndipo mbale za nyimbo zatsopanozo zinali ndi besi ndi mawu ena okwera omwe magalamafoni akale ankalephera kuwatulutsa. Pofuna kuti mawuwo amveke, amisiri anakonza lipenga lalitali kwambiri, n'kulipinda kangapo kuti likwane m'kati mwa kabati. Ku America galamafoni yotere inatuluka ndi dzina la Orthophonic Victrola, pomwe ku England a HMV anatulutsa 163 pamodzi ndi mitundu ina yokulirapo, yomwe ndi 193, 194, 202 ndi 203. Ya 163 ndiyo yaing'ono pa gulu limeneli, komabe munthu woimva koyamba amavutika kukhulupirira kuti m'katimo mulibe waya wa magetsi ngakhale batire.

Taganizirani ulendo womwe galamafoni imeneyo inayenda. Katundu wochokera ku Ulaya ankatsika pa doko la Beira n'kukwera sitima ya pamtunda, ndipo popeza mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, chilichonse chomwe chinabwera chisanafike chakacho chinawoloka mtsinjewo pa bwato, kenako n'kukweranso sitima yodutsa pa Luchenza panupo. N'chifukwa chake zakabati zinkapezeka m'nyumba za mabwana a m'maesiteti, za akuluakulu a pa boma, m'mamishoni ndi kwa amalonda olemera, pomwe matchona ochokera ku Joni ndi ku Halale ankabwera ndi zonyamula m'manja ngati sutikesi, monga HMV 101 ndi 102. Zakabati zinali zochepa kuchokera pachiyambi, ndipo chiswe ndi chinyezi zachepetsanso zomwe zinalipo.

Chachikulu chomwe ndingakulangizeni n'chakuti mupite pa tsiku loonera katundu, lomwe limakhalapo okushoni isanachitike, ndipo mukatengeko tochi, pepala loyera, mbale imodzi ya 78 (ija yozungulira ka 78 pa mphindi) yomwe simuiwerengera kwambiri ndi singano zatsopano zingapo. Mukafika musathamangire kupukusa. Yambani ndi matabwa, chifukwa injini yakufa imatha kudzuka m'manja mwa mmisiri, koma thabwa lomwe chiswe chadya silibwereranso. Pemphani oyang'anira katundu kuti akuthandizeni kuisuntha pa khoma, mugwade pansi, muunike miyendo yonse inayi, kunsi kwake ndi thabwa lakumbuyo. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu lakunja lili bwinobwino, choncho muzidina ndi chala chachikulu ndi kugogoda pang'onopang'ono, ndipo pomwe pakumveka ngati chikho chopanda kanthu kapena pakulowa chala, pamenepo padyedwa. Mukaona timabowo ting'onoting'ono tozungulira, yalani pepala loyera lija pansi ndipo mugogode pamwamba pake. Pakagwa ufa wowala ngati wa chimanga chofumbwa, ndiye kuti tizirombo tikadali amoyo m'thabwamo, ndipo mukailowetsa m'nyumba osaithira mankhwala tidzasamukira ku mipando yanu.

Ndikulankhula izi ndi chisoni cha zomwe zinandichitikira. Zaka zapitazo ndinagula galamafoni yakabati ya Columbia pa okushoni ina nditangoiona kutsogolo kokha, chifukwa inali itapanikizidwa pakati pa mabedi ndi makabati ena. Pomwe tinkainyamula kuti tiikweze m'galimoto, mwendo wakumbuyo unatsala pansi, ndipo thabwa lonse la kunsi linali dothi la chiswe lokhalokha. Ndinapulumutsapo injini ndi mkono wake wonyamula singano basi.

Mununkhizenso m'kati mwake. Kuno kwathu chiperoni chimagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kuwonjezera pa mvula ya dzinja, ndipo nyumba yomwe yakhala yotseka miyezi yambiri imasunga chinyezi. Makabati amenewa anawakuta ndi thabwa lopyapyala kwambiri la oak kapena la mahogany, womwe ndi mtengo wa banja limodzi ndi mbawa yathu, ndipo guluu wa nthawi imeneyo amafewa akakumana ndi chinyezi, chokutiracho n'kuyamba kutukumuka ndi kumatuka. Pomwe pangotukumuka pang'ono kalipentala wofatsa amatha kumatanso, koma ngati mbali yonse inasupuka n'kutayika, simudzapeza thabwa lofanana nalo.

Mukakhutira ndi matabwa, tsekulani zitseko zakutsogolo ndipo muunike kudzera pa nsalu yomwe ili kuseri kwa zitsekozo kuti muone ngati lipenga lilimo. Pa 163 lipenga ndi lachitsulo chopyapyala ngati lata, motero muyang'ane dzimbiri, mabowo ndi zisa za makoswe. Lipenga lobowoka limataya mpweya ndipo besi imathawira pomwepo, pomwe kabati yopanda lipenga yasanduka bokosi wamba, ngakhale kunja ikongole chotani.

Kenako muone kamutu kogwira singano, komwe amisiri amakatchula soundbox. Ka 163 kayenera kukhala kolembedwa No. 5A. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala kwambiri ka aluminiyamu komwe kamanjenjemera singano ikamayenda mu mzere wa mbale, ndipo simuyenera kukakhudza ndi chala. Kumbuyo kwa kamutuko anapanga ndi chitsulo chosakaniza ndi zinki chomwe chimatupa ndi kung'aluka chikakalamba, choncho muunikepo bwino, ndipo ngati kakukana kuchoka pa mkono musakakamize. Ikani singano ndi kuisisita pang'ono ndi nsonga ya chala, mumve ngati phokoso lake likutuluka momveka ku lipenga.

Injini ibwere pomalizira. Pukusani pang'onopang'ono, mutapempha chilolezo. Chopukusira chikamangozungulira osalimba, kapena chikalimba pang'ono n'kupulumuka ndi phokoso, ndiye kuti sipuling'i inaduka kapena inamasuka pa ngowe yake. Ikamayenda koma n'kumagunda mwa apo ndi apo ngati munthu wamenya chitseko, musachite mantha, chifukwa ameneyo ndi girizi wakale yemwe anauma n'kumata sipuling'i, ndipo amatsukika. Liwiro mungaliyese popanda chida chilichonse: panikizani kapepala kunsi kwa mbale kuti katulukire m'mphepete, muwerenge kangati kakudutsa pa chala chanu, ndipo payenera kukwana 39 pa theka la mphindi. Mukachotsa chitsulo chozungulira chomwe mbale imakhalapo, onani ngati pa thabwa pali mabowo ena opanda ntchito, chifukwa amenewo amaulula kuti injini yoyamba inachotsedwa n'kuikamo ya galamafoni ina.

Maganizo anga ndi awa, Aphunzitsi. Ngati matabwa ali olimba, lipenga lilimo, kamutu ndi chopukusira zili zake zenizeni, iguleni ngakhale injini itakhala chete. Ngati matabwa afumbwa mpaka m'miyendo, isiyeni ngakhale itaimba mokoma pa tsikulo.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi kanyumba kogona alendo kufupi ndi Likhubula ndipo ndikufuna galamafoni yakabati yoika m'chipinda chochezera. Sindinapiteko ku okushoni chibadwire. Anzanga akuti zinthu zimenezi ndi za ndalama zankhaninkhani, pomwe mwana wanga akuti ndingogula pa okushoni ya pa intaneti ya ku England. Kodi mtengo woyenera ndi uti, ndipo pa okushoni munthu amachita bwanji? Ndine mayi wa ku Chitakale.

YANKHO: Mayi, ukalamba wokha sukweza mtengo wa galamafoni. Kampani ya Victor ya ku Camden, New Jersey, itatulutsa Victrola yoyamba yobisa lipenga m'kabati mu 1906, inkaigulitsa madola 200, ndalama yomwe anthu wamba sakanaikwanitsa. Koma m'zaka zotsatira makampani anapanga zochuluka zedi, moti mtundu umodzi wokha wa Victrola XI unapitirira 800,000. Ku Ulaya lero galamafoni wamba yakabati nthawi zambiri imatsika mtengo kuposa yonyamula m'manja yosamalika bwino, chifukwa anthu alibe malo oisungira. Zomwe osonkhanitsa amalimbirana ndi zochepa, monga HMV 202 ndi 203 kapena za EMG zomwe zinkapangidwa pamanja ku London. Kuno kwathu mtengo umadalira anthu omwe abwera tsikulo, ndipo pakakhala awiri okha oifunitsitsa ungathe kukwera mopanda chifukwa.

Mukafika mudzalembetsa dzina, kawirikawiri mudzapereka dipoziti, ndipo adzakupatsani nambala yoti muzikweza potchula mtengo. Werengani malamulo a okushoniyo musanakhale pansi. Katundu amagulitsidwa momwe alili, hamala ikagwa pa nambala yanu mwagula ndipo simungabweze, pamwamba pa mtengo wa hamala pamakhala komishoni ndi msonkho, komanso pamakhala tsiku lomaliza lochotsera katundu. Nthawi zina mwini katundu amaika mtengo wobisika womwe sangalole kutsika kuposa apo, ndiye musadabwe mukaona galamafoni ikubwezedwa pomwe inu munatchula mtengo womaliza.

Malire anu muwerengere kunyumba, kuyambira ku ndalama yonse yomwe muli nayo. Tingoyerekeza kuti mwakonza K500,000, ndipo mwapatula K60,000 ya galimoto ndi K100,000 ya mmisiri. Yatsala K340,000. Ngati komishoni ndi msonkho zikukwana 10 peresenti, simuyenera kupitirira K300,000 pa hamala, chifukwa pamenepo mudzalipira K330,000. Lembani nambalayo pa pepala ndipo mukafika pomwepo tsitsani dzanja, ngakhale mnzanuyo akuoneka kuti watopa. Ogula tiyi pa okushoni ya ku Limbe amalawiratu tiyi yense ndi kudziwiratu pomwe adzalekere tsiku la msika lisanafike, ndipo inunso muchite chimodzimodzi. Pa tsiku loonera musaonetse chimwemwe chanu pa gulu, koma mufufuze m'makatoni a zinthu zosakanizika, chifukwa okonza katundu osadziwa galamafoni amaponya chopukusira, kiyi wa chivindikiro, timabokosi ta singano ndi mbale m'magulu ena a katundu. Mukagula, tengani lisiti ndipo mufunse omwe ankagwira ntchito panyumbapo kuti galamafoniyo inali ya yani ndipo inabwera liti, mulembe m'kope. Alendo anu adzafuna kumva mbiri imeneyo, ndipo ikatayika tsiku la okushoni siipezekanso.

Za ku England sindikukulimbikitsani. Makampani a okushoni kumeneko nthawi zambiri amawonjezera pakati pa 20 ndi 30 peresenti pa mtengo wa hamala, ndipo mukaphatikiza bokosi lamatabwa loisungiramo, sitima ya panyanja, lole yochokera kudoko ndi msonkho wa MRA, ulendo umadula kuposa galamafoniyo, yomwenso mwaigula osaigogoda. Kunja muziitanitsa tinthu ting'onoting'ono tokwana mu envulopu, monga singano, labala wa kamutu ndi masipuling'i.

Poinyamula, chotsani chopukusira pochizungulitsa chobwerera m'mbuyo, chotsani chitsulo chozungulira, mangani mkono ndi nsalu kuti usagubuduke, ndipo iyende choimirira pa matiresi, itafundidwa bulangete ndi pulasitiki. Misewu ya m'minda ya tiyi yathyola miyendo ya makabati ambiri.

FUNSO: Akonzi, munthu wina akugulitsa pa Facebook galamafoni yokhala ndi lipenga lalikulu lonyezimira ngati golide ndi chithunzi cha galu kutsogolo. Akuti inachokera m'nyumba ya Mpwitikizi ku Mozambique ndipo ndi ya 1905. Ndigule? Ndine mnyamata wa geni pa Limbuli.

YANKHO: Achimwene, malinga ndi chithunzi chomwe mwatumiza, musagule. Magalamafoni otere akhala akupangidwa ku India kwa zaka zambiri tsopano kuti azigulitsidwa ngati akale. Amatenga injini ya galamafoni yonyamula m'manja, n'kuiika m'bokosi latsopano, n'kumata chithunzi cha galu. Pa yanuyo chopukusira chalowa chopendekera m'malo molowa chowongoka, zomwe zikusonyeza komwe injiniyo inachokera. Khosi la lipenga lapindika mwa ngodya yakuthwa yowotcherera, pomwe la yeniyeni limapindika mosalala ngati khosi la tsekwe. Masikuluwu ake omangira ndi a mutu wa mtanda, omwe anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1930. Mkono wa zoterezi suyenda momasuka, ndipo umakumba mbale iliyonse yomwe mwaikapo.

Izi n'zosiyana ndi makabati opanda dzina lodziwika omwe mungawapeze pa okushoni. M'zaka za m'ma 1920 timakampani tambiri tinkagula injini za Garrard ku England kapena za Thorens ndi Paillard ku Switzerland, n'kuziika m'makabati awoawo. Amenewo ndi akale enieni ndipo ena amaimba bwino, kungoti mtengo wake uyenera kukhala wotsika.

FUNSO: Akonzi, atsibweni anga anamwalira chaka chatha ndipo anasiya galamafoni yakabati yomwe anapatsidwa ndi bwana wawo atapuma ntchito ya ukalaliki pa esiteti. Vanishi wake wada, ili ndi timabowo kumbuyo, ndipo ikamayenda imagunda. Kalipentala wina akuti aipale, aipake vanishi watsopano, achotse zam'kati n'kuikamo sipika ya Bluetooth. Abale ena akuti tikaigulitse pa okushoni ku Blantyre. Ndithandizeni nzeru. Ndine mayi wa ku Makwasa.

YANKHO: Pepani ndi zovutazo, Mayi. Poyamba, nkhaniyi ikhale ya mbumba yonse, ndipo pasakhale wochita kanthu payekha mpaka mutamvana, chifukwa galamafoni ikapalidwa kapena ikagulitsidwa palibenso kubwerera. Pa nzeru ya kalipentalayo ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti muikane. Iye akufuna kukukonzerani chinthu chowala, ndipo cholinga chake si choipa, koma chomwe chimachititsa kuti galamafoni ikhale yamtengo, kwa osonkhanitsa ngakhalenso kwa adzukulu anu, ndi kukhala kwake yathunthu monga inatulukira ku fakitale. Sandipepala angathe kubowola thabwa lopyapyala lokutira lija m'mphindi zochepa, ndipo chithunzi cha pansi pa chivindikiro chikafufutika sichijambulikanso. Kuda komwe mukukuonako nthawi zambiri ndi utsi ndi fumbi la zaka zambiri. Pukutani ndi nsalu yofewa yonyowa pang'ono kwambiri, muumitse nthawi yomweyo, kenako mupake polishi wa phula wa mipando, mutayesa kaye pa malo obisika. Musayandikize sipiriti, chifukwa amasungunula vanishi wakale.

Timabowoto muthiremo mankhwala ophera tizirombo ta m'matabwa pogwiritsa ntchito jekeseni, bowo lililonse palokha, ndipo muyale pepala pansi kwa milungu ingapo kuti muone ngati ufa ukugwabe. Galamafoniyo isatsamire khoma, isakhale pansi pa zenera kapena kufupi ndi khitchini, ndipo ngati pansi pa nyumba pamatuluka chinyezi, ikani timatabwa touma kunsi kwa miyendo.

Kugundako ndi girizi wouma, monga ndafotokozera Aphunzitsi a ku Luchenza. Koma pano pali chenjezo lalikulu. Sipuling'i ya galamafoni ndi lamba wachitsulo wotalika mamita angapo, wopindidwa mwamphamvu m'kachitini, ndipo ikapulumuka imatha kudula zala kapena kuvulaza maso. Achinyamata a pakhomo asayese kutsekula kachitiniko. Pezani mmisiri wachikulire wokonza makina osokera kapena mawotchi a pakhoma, avale magolovesi ndi magalasi, aitsuke ndi palafini ndi kuipaka girizi watsopano, ndipo asanamasule chilichonse mujambule ndi foni kuti zidzabwerere m'malo mwake. Mumuuze asamale gavanala, kachitsulo kokhala ndi timiyala titatu pa timasipuling'i topyapyala, komwe kamachititsa kuti liwiro lisasinthesinthe. Kasipuling'i kamodzi kakathyoka, tonse titatu tisinthidwe pamodzi kuti tilingane. Mafuta oyenera ndi oyilo wa makina osokera, kadontho kamodzi pa malo alionse ozungulira, osati mafuta ophikira omwe amasanduka ulimbo. Mukamaliza kuimba muziisiya izungulire mpaka sipuling'i itatsala pang'ono kumasukiratu.

Mukagwirizana zogulitsa, igulitseni momwe ilili, pamodzi ndi chopukusira, mbale ndi kapepala kalikonse ka atsibweni konena za iyo. Funsiranitu komishoni yomwe a okushoni amadula kwa wogulitsa, ndipo muike mtengo womwe simungalole kutsika kuposa apo. Mungathenso kuyamba mwafunsa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa Chichiri ngati angaifune.

FUNSO: Akonzi, ndinagula galamafoni yakabati pamodzi ndi katoni ya mbale pa okushoni, koma munali singano zisanu zokha. Kodi ndingazigwiritse ntchito mpaka liti, ndipo zikatha ndingaike singano yosokera kapena kamsomali? Kodi zimbale zanga za m'ma 1980 ndingaziimbe pamenepo? Mbale zina zachita nkhungu, ndipo zitatu zinalembedwa mawu akuti Nyanja. Ndine mtsogoleri wa kwaya, ku Muloza.

YANKHO: Bambo, singano imodzi yachitsulo ndi ya mbali imodzi ya mbale, ikatero itayidwe. Ambiri amadabwa akamva izi, koma ndi momwe zinakonzedwera. Mbale za 78 anazipanga ndi shellac, utomoni wochokera ku tizirombo tina ta ku India ndi ku Thailand, wosakaniza ndi ufa wa miyala, ndipo ufawo umanola singano kuti ikwane mu mzere pomwe nyimbo ikuyamba. Pofika kumapeto kwa mphindi zitatu za mbale ya mainchesi 10, nsonga imakhala itaphwatalala ngati tchizulo, ndipo mukaibwereza imayamba kusema mzerewo, poti kamutu kamaipsinja ndi kulemera kopitirira magalamu 100. N'chifukwa chake singano zinkagulitsidwa m'timabokosi ta 100 kapena 200, ndipo pafupi ndi mkono pali kachikho kotayiramo zakutha. Zisanu zomwe mwazipezazo, ngati zinali m'kachikhoko, zinagwira kale ntchito. Singano zatsopano zikupangidwabe ndipo zimapezeka pa intaneti, zonenepa za mawu okweza ndi zopyapyala za mawu ofatsa, ndipo ine ndimakonda zopyapyala chifukwa sizivutitsa mbale.

Singano yosokera ndi kamsomali musaike, chifukwa nsonga zake sizigwirizana ndi mzere ndipo zimaung'amba. Podikira kuti zenizeni zifike, munga wouma wolimba ndi wabwino koposa chitsulo cholakwika, popeza umatha wokha osawononga mbale. Kale kunkagulitsidwa singano za minga ndi za nsungwi zosemedwa mbali zitatu, ndipo ngati bowo la kamutu kanu lili la ngodya zitatu, ndiye kuti linakonzedwera za nsungwizo.

Zimbale zanu za m'ma 1980 musaziyandikize. Zimenezo ndi za pulasitiki wofewa, mtundu womwe Columbia inatulutsa mu 1948, zimazungulira ka 33 pa mphindi ndipo mzere wake ndi wopyapyala pafupifupi katatu kuposa wa 78, moti singano yachitsulo imaziwononga ulendo umodzi wokha.

Za nkhungu mutsuke ndi madzi ozizira okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale zodyera, ndi burashi yofewa yotsata mzere, osanyowetsa pepala la pakati ndiponso osazinyika, chifukwa zina, makamaka za Columbia, zili ndi pepala m'kati mwake lomwe limatupa likamwa madzi. Sipiriti ndi kachasu zimasungunula shellac. Ziume usiku wonse pa mthunzi, kenako muzisunge choimika m'mapepala, kutali ndi dzuwa ndi kutentha kwa malata.

Mbale zitatu zolembedwa Nyanja ndizo zandichititsa kuyankha kalata yanu mwezi uno. Nyimbo za makolo athu zinkatuluka pa mbale za 78 za makampani a ku South Africa, monga Gallotone ya kampani yomwe Eric Gallo anayambitsa ku Johannesburg mu 1926, ndipo Hugh Tracey, yemwe anakhazikitsa International Library of African Music, malo osungirako nyimbo za mu Africa, mu 1954, anayendera dziko lino ndi makina ojambulira mu 1950 ndi mu 1958. Mbale zotere zinkaimbidwa pa maukwati ndi pa zisangalalo ndi singano imodzimodzi mpaka kuyera mizere, choncho zotsala zili bwino n'zochepa kwambiri. Musaziimbe pa galamafoni yanu pakali pano. Lembani m'kope dzina la kampani, nambala ya mbale, maina a oimba ndi chilankhulo monga zalembedwera, mujambule mbali zonse ziwiri ndi foni, ndipo mupeze munthu wokhala ndi makina amakono a singano yopepuka ya 78 kuti azitsitsire mu kompyuta. Muyang'anenso m'katonimo ngati muli zolembedwa Lomwe, Yao kapena Mang'anja, muzipatule pamodzi ndi zitatuzo, ndipo mundilemberenso kalata yondiuza zomwe mwapeza.